Momwe mungapezere gulu lothandizana kusiya mowa ku Thyolo

Munthu amene watsimikiza mtima kusiya mowa amavutika kwambiri madzulo ndiponso pa tsiku la malipiro, chifukwa nthawi yomwe ankakhala pa kachasu imasanduka yosowa chochita, pomwe anzake omwa nawo akumudikira pamalo pomwe paja. Pa nthawi zoterezi amafunika anthu amene anadutsa m'vuto lomweli. Kuno ku Thyolo nzeru imeneyi si yachilendo, pakuti pamene ma ARV ankayamba kufika, magulu a anthu omwe ali ndi HIV ndi amene analimbitsa mitima ya ambiri. Kusiyana kwake n'koti magulu a osiya mowa sakhoma zikwangwani mumsewu, motero amapezeka pofunsa.

Yambirani kuchipatala, ndipo mfundo iyi ndikuitsindika kuposa zonse. Ngati mwakhala mukumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, kusiya mwadzidzidzi kungaike moyo pachiswe. Kunjenjemera manja, thukuta, nseru ndi kusowa tulo zimayamba patangopita maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, ndipo ena amagwa ngati akhunyu kapena kubalalika mutu n'kumaona zinthu zomwe palibe m'masiku ochepa oyambirira. Abale ambiri amathamangira kuganiza za ufiti, chikhalirecho ndi thupi lomwe linazolowera mowa, ndipo mankhwala ake alipo. Tengani buku lanu la kuchipatala, pitani ku chipatala chachikulu cha boma pa Thyolo, ku Malamulo kufupi ndi Makwasa, kapena ku chipatala chaching'ono cha kwanuko, ndipo mukanene kuchuluka kwa mowa womwe mumamwa mosachepetsa.

Muli komweko, pemphani kuonana ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo, ndipo mumufunse mosapita m'mbali kuti: kodi pali anthu osiya mowa amene amakumana kuno kapena ku Blantyre, ndipo amakumana liti? Musachite manyazi ndi dzina la chipindacho, chifukwa kulowamo sikutanthauza misala. Akaona kuti mukufunika chithandizo chachikulu, angathe kukutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. A St John of God nawonso amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ngakhale kuti kumeneko n'kutali kwa munthu wa ku Thekerani.

Kenako funsani m'dera lanu. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, abusa, ansembe, mashehe ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma amadziwa amene anasiya mowa, ndipo ogwira ntchito m'maesiteti a tiyi angafunsenso ku kiliniki ya pa esiteti. Sankhani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, osati kulengeza pagulu.

Dzina lomwe mungalimve kapena kulifufuza pa intaneti ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA, gulu lomwe Bill Wilson ndi Dr Bob Smith anayambitsa mu 1935 ku Akron m'dziko la America. Limatsata masitepe 12 othandiza munthu kusiya mowa, silipiritsa, si la mpingo uliwonse, ndipo chofunika polowa ndi chimodzi chokha: kufunitsitsa kusiya kumwa. Misonkhano yake ina imachitikira pa Zoom, pulogalamu yokumanirana pa intaneti, yambiri m'Chingerezi, choncho imafuna bandulo ndi netiweki yabwino. Akazi, amuna ndi ana a munthu womwa mwauchidakwa ali ndi gulu lawolawo lotchedwa Al-Anon, lomwe linayamba mu 1951.

Mukapeza gulu, liyeseni kangapo musanaweruze, koma tsegulani maso. Gulu labwino limasunga chinsinsi, limalola mlendo kukhala chete n'kumangomvetsera, ndipo aliyense amakamba za moyo wake osati kuloza zala anzake. Likamakugulitsani mankhwala oti amachotsa chibaba cha mowa usiku umodzi, likamakuletsani kumwa mankhwala a kuchipatala, kapena likamanyazitsa amene wamwanso, tulukanimo. Werengeraninso mtengo wa minibasi kapena kabaza, chifukwa msonkhano wa ku Limbe ungakhale wabwino kwa wa ku Bvumbwe koma wolemetsa kwa wa ku Luchenza wodalira ganyu, ndipo msonkhano womwe simungakwanitse kufikako sabata iliyonse sukuthandizani mokwanira.

Ngati pafupi palibe gulu, liyambitseni. Mwambo wa AA umati ngakhale anthu awiri kapena atatu okumana ndi cholinga chosiya mowa ndi gulu kale. Pemphani kalasi pasukulu kapena chipinda pa tchalitchi chotalikirana ndi malo omwera, gwirizanani ola limodzi pa sabata, ndipo ine ndingalangize kuti likhale madzulo a tsiku lomwe ambiri mwa inu mumalandira ndalama. Patsanani manambala a foni kuti amene chibaba chamugwira aimbe asanagule botolo. Wina akamwanso, mumuyendere kunyumba ndi kumuuza tsiku la msonkhano wotsatira, ndipo ngati wayambanso kunjenjemera, mumuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo.