Kuchulukitsa zovala pa kamera osawononga latex

Inu amene mumaveka anthu ojambulidwa mavidiyo a glamour (oonetsa kukongola kwa munthu ndi zovala zake), makamaka a sitayilo ya punk ija idatchuka ku London m'zaka za m'ma 1970 ndi goth yomwe idabwera pambuyo pake, chulukitsani zovala ndithu, koma kamera ili ndi zofuna zake.

Chovuta kwambiri ndi latex, chovala chopangidwa ndi mphira. Musayerekeze kumupaka Vaseline kapena mafuta a ana, amadya mphirayo mpaka kung'ambika. Povala thirani pauda mkati, kunja pakani mafuta a silicone opangira latex kuti awale. Asakhudzane ndi matcheni a mkuwa, chifukwa amasiya banga losachoka, makamaka pa latex woyera kapena wa pinki. Ikani kansalu pakati. Komanso mphira simatulutsa thukuta, choncho wojambulidwayo avale latex kumapeto, zonse zitakonzeka, madzi akumwa ali pafupi.

Nsalu za timizere ting'onoting'ono ndi fishnet (nsalu yonga ukonde) ya maso aang'ono zimanjenjemera pa sikirini. Sankhani ya maso akuluakulu.

Nsapato za gogoda, malamba, ndolo, wigi wobiriwira, zonsezo zilowe, bola mtundu umodzi ulamulire inayo. Majekete achikopa a pakaunjika, kwa ine, amaposa atsopano: makwinya ake amagwira kuwala bwino, ndipo simudandaula pokhomamo zitsulo.