Momwe komiti ya timu ingalandirire chikho cha wandale popanda kugulitsa timuyo

Chisankho chikamayandikira, mabwalo a mpira ku Mulanje amadzaza ndi zikho zatsopano, kuyambira ku Chitakale mpaka ku Limbuli, ndipo zambiri mwa zikhozi zimakhala ndi dzina la phungu kapena la munthu amene akufuna kumulanda mpando. Timu ya kumudzi yomwe imachita kusonkherana kuti igule mpira umodzi singakane thandizo lotere, ndipo sindikulangiza kuti ikane. Chofunika n'chakuti komiti idziwe chimene mwini chikhoyo akufuna, chifukwa iye zigoli alibe nazo ntchito. Akufuna khwimbi la anthu ndiponso kuti dzina lake limveke pa wailesi.

Mchitidwewu suli kumudzi kokha. Timu ya Big Bullets inadziwika ndi dzina lakuti Bakili Bullets pamene mtsogoleri wa dziko Bakili Muluzi ankaithandiza, ndipo mu 2004 inafika m'ndime ya magulu ya mpikisano wa CAF Champions League. Timuyo inapindula ndithu, koma wolengeza mpira aliyense akatsegula pakamwa ankatchula dzina la mtsogoleriyo, ngakhale kwa omvera amene sakanapita ku msonkhano wa chipani chake.

Yambani ndi kulemberana pangano mpira woyamba usanaseweredwe. Papepalapo palembedwe ndalama za mphoto iliyonse, malipiro a oyimbira, tsiku la ndime yotsiriza, komanso dzina la amene asunge ndalamazo, ndipo mfumu ya m'deralo isainire ngati mboni. Funsaninso mwaulemu kumene ndalamazo zachokera. Ngati zachokera m'thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, ndiye kuti ndi ndalama za misonkho yanu, ndipo si bwino kuti chikho chiziyamikiridwa ngati mphatso ya munthu mmodzi.

Nkhani ya yunifolomu siyovuta, pakuti lamulo lachinayi la mpira wa miyendo limaletsa mawu kapena zithunzi zandale pa zovala za osewera. Landirani majezi, koma kanani omwe ali ndi nkhope ya munthu kapena chizindikiro cha chipani.

Tsiku la ndime yotsiriza ndi limene komiti zambiri zimalandidwa bwalo zikuona. Masewero amene anayenera kuyamba 2 koloko amadikira mlendo wolemekezeka, amayi ovala nsalu za chipani amavina pakati pa bwalo, olankhula amalandizana chimkuzamawu mpaka osewera amene anatenthetsa kale thupi n'kukhala pansi pa mzere, ndipo mapenate amamenyedwa chisisira chitagwa, phiri litayamba kale kubisika. Pofuna kupewa zimenezi, mwambo utsogoleredwe ndi munthu wa komiti osati wa chipani, zolankhula zonse zibwere mpira utatha, ndipo woyimbira auzidwe kuti aimbe wezulo nthawi ikakwana, mlendo atafika kapena asanafike. Kumbukiraninso kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa ovota, choncho musalole kuti timaenvulopu tiziyenda pakati pa ochemerera m'dzina la chikho chanu.

Gawo limene limaiwalika ndi la atolankhani, pomwe ndi pamene wandale amakololera zimene anadzala. Anthu amene anali pabwalo ndi ochepa poyerekeza ndi amene adzamve nkhaniyo pa wailesi kapena kuiona pa Facebook. Mtolankhani akabwera pa galimoto ya mwini chikho n'kulandira chipondamthengo kwa yemweyo, sizidabwitsa kuti nkhani yake imayamba ndi lonjezo la mlatho, n'kutha osatchula mnyamata amene anagoletsa chigoli chopambanitsa timu. Sindikunena kuti atolankhani onse amatero, komabe komiti isadalire chifundo chawo. Mlembi akonze kapepala kokhala ndi mayina a matimu, zigoli, ogoletsa ndi mphoto zimene zaperekedwadi, ndipo akapereke kwa mtolankhani aliyense asanachoke. Kaputeni ndi mphunzitsi wa timu yopambana akhale pafupi kuti nawonso afunsidwe mafunso, ndipo pojambula chithunzi chikho chikhale m'manja mwa osewera. Atsikana a ntchemberembaye, amene nthawi zambiri amaseweretsedwa m'mawa anthu asanasonkhane, atchulidwe m'kapepalako mofanana ndi anyamata.

M'mawa mwake mverani nkhaniyo muli ndi cholembera. Werengani kuti dzina la mwini chikho latchulidwa kangati, la timu kangati, ndipo yerekezani ndalama imene yalengezedwa ndi imene msungichuma wanu analandira m'manja, popeza ziwirizi sizifanana nthawi zonse. Ngati pali kusiyana, mlembi aimbire wailesiyo tsiku lomwelo ndi kupempha kuti akonze, atagwira pangano lija m'manja. Kenako lembani m'buku la komiti lonjezo lililonse limene linanenedwa pabwalo, kaya ndi la magolo achitsulo kapena la kusalaza bwalo, pamodzi ndi tsiku lake, kuti mudzalitulutse munthuyo akadzabweranso ndi chikho china.