Chikuku cha mwana kuno ku UK: yambani mwayeza chitseko ndi masitepe

Mwana wanga woyamba anakulira kumsana, ku Ndirande. Chitenje chimodzi chomuberekera, china chomufunditsa, nkhani yatha. Wachiwiriyu anabadwira kuno ku Leicester m'nyengo yozizira, ndipo ndisanachire n'komwe ndinali nditagula kale chikuku, chimene eni dziko amati pram, buggy kapena pushchair. Ndinachipeza pa Facebook Marketplace: chachikulu, matayala onenepa ngati a wilibala, mtengo wake wokoma. Bambo a kunyumba atachikweza masitepe a nyumba yathu, imene ili pamwamba pa shopu, thukuta lili kamukamu, m'pamene tinazindikira kuti munthu mmodzi, khanda lili m'manja, sangatsike nacho. Chinakhala miyezi inayi pakona tikupachikapo majekete.

Ndiye amayi anzanga, musanafunse kuti chikukucho ndi cha kampani iti, tengani tepi muyeze pamene mukukhala. Zitseko zambiri za m'nyumba za kuno n'zotambalala pafupifupi masentimita 76, ndipo m'nyumba zakale zolumikizanazi njira yolowera imakhala yopapatiza, mwinanso yokhota. Ngati mukugawana nyumba ndi anthu ena, dziwani kuti alandilodi ambiri salola kusiya chikuku panjira yotulukira, poopa kuti moto utabuka chingatsekereze anthu. Choncho chiyenera kupindika n'kukwana m'chipinda chanu chomwecho. Yang'ananinso kulemera kwake. Zopepuka zimalemera makilogalamu 6 kapena 7, zikuluzikuluzi zimafika 13 mpaka kupitirira. Muikemo mwana wa makilogalamu 7, mwanyamula ndowa yodzaza ya malita 20. Kusiyana kwake n'kwakuti ndowa tinkasenza pamutu, pamene ichi mukwera nacho masitepe chili m'manja, mwinanso bala la opaleshoni lisanapole.

Ambiri a ife zaka zoyamba timadalira basi. M'basi muli malo amodzi otakasuka, ndipo mwini wake weniweni ndi munthu woyenda pa njinga ya aulumali. Nkhaniyi inafika mpaka kukhoti lalikulu la dziko lino. Bambo wina, Doug Paulley, analephera kukwera basi ku Yorkshire chifukwa mayi wina anakana kusuntha chikuku m'mene munagona mwana wake, ndipo mu January 2017 khotilo linagamula kuti dalaivala asamangopempha kamodzi n'kusiya, azilimbikira kuti malowo apezeke. Tanthauzo lake kwa inu ndi ine n'lakuti tsiku lina mudzauzidwa kupinda chikuku basi itadzaza, mvula ikugwa, anthu akukuyang'anani. Pitani kushopu imene amaika zikuku poyera, monga Smyths Toys, John Lewis kapena Mamas & Papas, ngakhale mulibe cholinga chogula kumeneko. Kumbatirani chikwama chanu kudzanja lamanzere ngati ndi mwana, kenako yesani kupinda ndi lamanja lokha. Chikafuna manja awiri ndi bondo, chisiyeni. Chimene chimafuna kuti muyambe mwachotsa mpando musanachipinde, chimenecho ndi cha anthu agalimoto. Anzathu a ku London muli ndi vuto lina: pa masiteshoni atatu alionse a sitima za pansi pa nthaka, ndi imodzi yokha imene mungafike pasitima osakwera kapena kutsika masitepe.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinganyengerere, ngakhale ndalama zitavuta bwanji. Khanda liyenera kugona chagada, msana uli thyathyathya, mpaka litakwanitsa pafupifupi miyezi 6, pamene layamba kukhala lokha. Khosi lake silinakhwime. Mukalikhazika pampando wopendekeka, mutu umagwera pachifuwa ndipo njira ya mpweya imapanikizika. Tizikuku totchipa topindika ngati ambulera tija, tambiri ndi ta mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo. Funani chimene mpando wake umagona mpaka pansi ndipo analembapo kuti from birth, kutanthauza kuyambira pobadwa, apo ayi chokhala ndi kabedi kake kochotseka, kamene amati carrycot. Kabediko n'kabwino, koma mwana amakula msanga, ndipo pakatha theka la chaka kamangodya malo m'nyumba. Ine ndikanayambiranso ndikanatenga cha mpando wogona pansi basi.

Ogulitsa adzakukopani ndi travel system, kutanthauza chikuku chimene mungalumikizepo mpando wa m'galimoto. N'chothandiza pochoka m'galimoto kulowa kusikelo mwana ali mtulo. Koma mpando umenewo si bedi: langizo lake n'lakuti khanda lisakhalemo maola opitirira awiri nthawi imodzi. Ndipo mpando wa m'galimoto ndinganene kuti gulani watsopano, chifukwa umene unakhalapo pangozi ukhoza kukhala wosweka m'kati maso osaona.

Tsopano za ndalama. Tisanamizane, tonse timafuna chithunzi chabwino choika pa WhatsApp kuti akumudzi aone kuti zikuyenda. Bugaboo, iCandy ndi Silver Cross zatsopano, ndi zonse zake, zimapitirira mapaundi 1,000. Zimenezo ndi mashifiti angati ausiku? Joie kapena Graco mumapeza pamtengo wochepa kwambiri, ndipo zonse zogulitsidwa movomerezeka zimayesedwa pa muyezo umodzi, BS EN 1888, umene umalembedwa pakachikwangwani ka pachitsulo kapena pansi pa mpando. Mwana sadziwa dzina la chimene wagonamo.

Mudzamva anzanu a kuntchito akunena za mapaundi 500 a Sure Start Maternity Grant, thandizo la boma logulira zofunika za khanda. Musathamangire. Ngati visa yanu ili ndi mawu akuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti simuloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma, monga zilili kwa ambiri amene tinabwera kudzasamalira okalamba ndi odwala, ndalama imeneyo ili m'gulu la zoletsedwa ndipo kuitenga kungakuonongereni mapepala. Chimene chili chololedwa ndi thandizo la mabungwe achifundo otchedwa baby bank, monga Little Village ku London, amene amapereka zovala, mabedi ndi zikuku zimene ana ena anasiya. Kawirikawiri amafuna kalata yochokera kwa mzamba wanu kapena health visitor, namwino uja amabwera kunyumba mwana akabadwa. Muuzeni mosabisa kuti zinthu zathina. Manyazi anapha lambe.

Chikuku cha kaunjika palibe cholakwa, bola mukachione ndi maso musanatumize ndalama. Pondani buleki n'kukankha: chikasuntha, ayi. Mangani malamba onse asanu, awiri a m'mapewa, awiri a m'chiuno ndi la pakati pa miyendo, muone ngati chomangira chikugwira. Chipindeni n'kuchitambasula katatu. Nunkhizani nsalu yake, chifukwa zambiri zimasungidwa m'mashedi achinyezi ndipo nkhungu yakuda ija sichoka ndi sopo. Fufuzani dzina lake pa gov.uk, webusaiti ya boma, pamene amalengeza katundu amene anabwezedwa chifukwa cha zovuta. Matiresi a m'kabedi gulani atsopano. Onaninso malire a kulemera kwa mwana: zina zimathera pa makilogalamu 15, zina 22, ndipo ana athu odya phala la mgaiwa sachedwa kufika pa 15.

Zizolowezi ziwiri za kwathu zimatipweteketsa. Choyamba ndi kuphimba chikuku chonse ndi chitenje kapena bulangete kuti mwana asawombedwe dzuwa. M'katimo mpweya suyenda, kutentha kumakwera msanga, ndiponso simukumuona. Kadenga ka chikukucho n'kokwanira. Pulasitiki yotchinga mvula ndiye musaisiye kunyumba ngakhale kutacha bwino, koma mukalowa m'basi kapena m'shopu yofunda, ivundukuleni. Chachiwiri ndi kupachika katundu pazigwiriro. Ndinaonapo chikuku chikugadabuka pakhomo pa shopu ya zakudya za kwathu, thumba la ufa litachikokera m'mbuyo mayi ake atangosiya dzanja kuti atenge foni. Mwayi wake mwanayo anali womangidwa malamba. Sankhani chokhala ndi dengu lalikulu pansi, ufa ndi mafuta zizikhala mmenemo. M'dengu langa simusowanso chitenje, chifukwa pamene lifiti yafa kapena basi yadzaza, mwana amabwerera kumsana, chikuku n'kupindidwa.

Chaka chatha tinapita kumudzi kudzera ku Addis Ababa, titatenga kachikuku kathu kopepuka kamene tinagula titagulitsa chingolo chija. Pabwalo la ndege kanatithandiza zedi, ndipo tinkakasiya pakhomo penipeni pa ndege. Titatsika ku Chileka n'kufika ku Ndirande, timatayala take tinalephera ngakhale kuchoka pamsewu kufika pakhomo, miyala ndi ngalande zokhazokha. Amayi anangoima pakhonde, manja m'chiuno, akuyang'ana mdzukulu wawo akugwedezeka m'menemo.

"Iwe, msana unausiya ku Ulaya?"

Anamunyamula, kumuponya kumsana, kumanga chitenje pachifuwa. Masabata atatu onse kachikukuko kanali galimoto ya ana a achimwene, akukankhana kuseri kwa nyumba mpaka tayala limodzi linaguluka.