Momwe mungapangire pulogalamu ya kafukufuku pamodzi ndi amene adzaigwiritse ntchito

Aliyense amene wapatsidwa ntchito yopanga pulogalamu ya pakompyuta yothandiza pa maphunziro ndi kafukufuku, kaya ndi ku yunivesite ya MUST ku Ndata, yomwe inayamba kulandira ophunzira mu 2014, kaya ndi kumalo ofufuzira zaulimi ku Bvumbwe, ayambe wakhala pansi ndi eni ntchitoyo asanakhudze kompyuta.

Tiyerekeze kuti pulogalamuyo ndi yosungira ndi kusanthula kuchuluka kwa mvula komanso masamba a tiyi othyoledwa m'minda ya ku Thyolo. Musakhutire ndi zimene wakuuzani mphunzitsi wamkulu, pakuti iye kawirikawiri amangolandira zotsatira, pomwe olowetsa manambala tsiku ndi tsiku ndi ophunzira, ogwira ntchito mu labotale ndi alembi a kumunda. Pitani nawo kumundako mukaone nokha mmene amalembera. Mukapeza kuti m'makwawa ena netiweki siifika, dziwani kuti pulogalamu yanu iyenera kusunga zonse pa foni popanda intaneti n'kuzitumiza pambuyo pake, monga amachitira mapulogalamu osonkhanitsira zakafukufuku pa foni a KoboToolbox ndi ODK.

Mukabwerako, jambulani maonekedwe a pulogalamuyo papepala. Mupatseni munthu ntchito yeniyeni, monga kulowetsa mvula ya dzulo, ndipo inuyo mukhale chete, musamulozere pobaya, chifukwa pamene wazengereza ndi pamene pakufunika kukonza. Pali chinthu china chimene ndimachiona kuti n'chachikulu kwambiri: mwa ulemu wathu, wophunzira sangatsutse mphunzitsi wake pamaso pa anthu, ndipo mukawasonkhanitsa m'chipinda chimodzi adzangovomereza zonse. Kumanani ndi ophunzira paokha, ndipo muwatsimikizire kuti chikuyesedwa ndi pulogalamu osati nzeru zawo.

Mukaipanga pulogalamuyo, iyesereni pa laputopu yakale imene ophunzira ambiri ali nayo, muonenso ngati ikusunga ntchito magetsi akathima mwadzidzidzi. Gwirizanani za miyeso, mamilimita a mvula ndi makilogalamu pa hekitala, ndipo zotsatira zizitha kutseguka mu Excel kapena mu R, pulogalamu yosanthulira manambala.

Afunseninso ofufuza kuti nambala yokayikitsa ndi yotani. Wopanga pulogalamu angaike malire oti mvula ya tsiku limodzi isapitirire pakutipakuti, koma amene anali ku Mulanje pa nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti nambala yooneka ngati yolakwika imatha kukhala yoona. Pulogalamu isakane nambala yotere, koma izifunsa wolowetsayo kuti atsimikize ndi kulemba chifukwa chake.