Kamangidwe ka zingwe za parachuti ya roketi yaing'ono

Roketi yaing'ono ikagwa pansi ngati mwala, ambiri amathamangira kudandaula za injini. Chonsecho nthawi zambiri vuto limakhala pa zingwe za parachuti: china chafupika, china chathothoka, kapena zonse zapotana.

Titengere parachuti ya pulasitiki ya ngodya 6, yotambalala masentimita 30, ngati zija zimabwera ndi maroketi a kampani ya Estes ya ku Penrose, Colorado. Simufunika kudula zingwe 6 ayi. Zitatu zakwana, chifukwa chingwe chimodzi chimagwira ngodya ziwiri zoyandikana. Chilichonse chikhale cha masentimita 60 mpaka 90, kuti mukachipinda pakati, mbali iliyonse ifanane ndi kukula kwa parachutiyo kapena kupitirirako ndi theka. Ulusi wosokera malaya usiyeni, suchedwa kuduka. Pezani wolimba ngati wosokera makapeti.

Pa kuyeza ndi pamene ndimaumirira kwambiri. Musayeze chingwe chilichonse pachokha ndi rula, dzanja limanama. Khomani misomali iwiri pathabwa, zunguzani ulusi katatu, mudule zonse kamodzi. Chingwe chimodzi chikangofupika, parachuti imapendekeka, mpweya n'kumathawira mbali imodzi, roketi n'kumatsika ikuzungulira mpaka zingwe zonse zitapotana.

Pangodya iliyonse matani kachidutswa ka tepi kuseri ndi kuno, boolani pakati pake, lowetsani ulusi n'kumanga mfundo kawiri. Kokani pang'ono muone ngati yagwira. Ndi bwino ithothokere m'manja mwanu kusiyana ndi kumwamba.

Kenaka gwirani parachuti pakati penipeni, zingwe zilendewere. Pisani chala m'malupu atatuwo, mukoke mpaka ngodya zonse zitalingana. Malupuwo alowetseni pakabowo ka kumutu kwa roketi, parachuti yonse idutse mkati mwa malupuwo, ndipo mumangitse. Ine ndimakonda kuikapo kaswivulo kaja amagwiritsa ntchito owedza ndi mbedza, chifukwa kamazungulira kokha m'malo mopota zingwe.

Popinda, wazani paudala pang'ono kuti pulasitiki isamatirirane. Zingwe muzizunguze molefuka; mukamanga ngati mtolo wa nkhuni, parachuti siyitseguka. Musaisiye yopindapinda m'roketi usiku wonse, makamaka kukamazizira, pindani nthawi youlutsa itakwana. Pansi pake muyambe mwaika mapepala osagwira moto, osati tishu wamba. Pa injini yolembedwa C6-5, nambala 5 ikutanthauza kuti pakapita masekondi 5 injini itasiya kukankha, onga wina umaphulika n'kukankhira parachuti kunja, ndipo popanda mapepalawo moto wake umasungunula pulasitiki ndi zingwe zomwe.

Kukakhala kamphepo, dulani kabowo pakati pa parachuti kuti itsike msanga osakagwera kutali. Koma mphepo ikaposa mamailosi 20 pa ola, pafupifupi makilomita 32, malamulo a National Association of Rocketry, bungwe la ku America lomwe linayamba mu 1957, amaletsa kuulutsa.