Mmene mungayesere injini musanagule galimoto yakale kuno ku Chigwa cha Shire

Kuno kwathu galimoto zambiri zimafa ndi kutentha. Dzuwa la Okutobala ku Ngabu kapena ku Nsanje silichitira chifundo injini yodwala, choncho musanawerenge ndalama iyeseni kawiri: ili yozizira komanso itatentha.

Fikani m'mamawa mwini wake asanailize. Tsegulani boneti, mukhudze injini. Ikakhala yofunda, funsani chifukwa chake, poti injini yovuta kulira amayamba aitenthetsa wogula asanafike. Kenako tsegulani potsirira oyilo. Mukaona zoyera ngati chambiko kunsi kwa chivindikiro, madzi akulowa mu oyilo, ndipo kawirikawiri ndiye kuti gasiketi, chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, inapsa. Sololani dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo, mutikite oyiloyo ndi zala. Asamveke ngati muli mchenga.

Radiyeta itseguleni injini ili yozizira basi, kupanda apo madzi ake akuwaulani. Ilizeni injiniyo chivindikiro cha radiyeta chili chotsegula. Thovu lotuluka mosalekeza ndi gasiketi yomwe ija.

Mnzanu aime kumbuyo aone utsi. Wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo, woyera wosatha ndi madzi, wakuda ikumwa mafuta mopyola muyeso.

Musaiwale kuti namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anamiza galimoto kuno, ndipo zina anangozitsuka n'kuzipukuta bwino. Kwezani kapeti, suzumirani pansi pa mipando ndi m'kabokosi ka mafyuzi. Matope ouma m'malo amenewa sabwera ndi nsapato ayi.

Tsopano mayeso enieni. Kuzungulira pa Nchalo pamsewu wa see sikungakuuzeni kanthu. Nyamukani pa Dyeratu masana dzuwa lili pamutu, muwoloke mlatho wa Kamuzu, mukwere zitunda za Thabwa muli anthu atatu kapena anayi. Diso likhale pa geji ya kutentha, khutu pa injini ngati ikugogoda. Potsika, siyani kuponda mafuta kwa kanthawi, kenako pondani. Utsi wabuluu ukaphulika kumbuyo, oyilo akudutsa m'mavalavu. Wogulitsa akakana ulendowu ati mafuta adula, thirani a m'thumba mwanu.

Mukabwerako imikani pouma, muone ngati pansi pakudontha. Makaniko amene mwabwera naye, wanu osati wa wogulitsa, aonenso ngati mwini wake anachotsamo thermostat (kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi oziziritsa injini) kapena kulumikiza fani kuti izingozungulira nthawi zonse. Ambiri amatero galimoto ikayamba kuwira, m'malo mokonza chomwe chikuiwiritsa.