Bondo kapena kakolo akavulala, chitani izi

Achimwene, mwafunsa kuti mutani poti bondo latupa mutagwa pa mpira ku Mayfair, mu mzinda wa Johannesburg, ndipo mnzanu akumva kupweteka kumbuyo kwa chidendene.

Choyamba, lekani kupondera mwendowo. Kulungani ayisi m'kansalu, muike potupapo mphindi 15 mpaka 20, maola awiri kapena atatu aliwonse, kwa masiku awiri oyamba. Mangani bandeji yotanuka koma osathinitsa. Zala zikachita dzanzi, masulani. Pogona, mwendo ukhale pa pilo, pamwamba kuposa mtima.

Chonde musathowe ndi madzi otentha kapena kutikita masiku oyambawa, ngakhale ndi zomwe tinazolowera kumudzi. Kutentha kumawonjezera kutupa. Ululu ukakula, imwani Panado.

Kenako onetsetsani zizindikiro. Ngati munamva kuti "thu!" m'bondo, nkutupa msanga, ndipo likugwedera mukaima, mwina mtsempha wa mkati wotchedwa ACL waduka. Mnzanuyo ayese kuima ndi zala za mwendo wovulalawo. Akalephera, makamaka ngati anamva ngati wina wamumenya kumbuyo, mwina waduka mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene wotchedwa Achilles, ndipo apite kuchipatala lero lomwe chifukwa kuchedwa kumavutitsa kuulumikiza.

Zikakhala zochepa, yambirani ku kiliniki ya m'dera lanu. Akaona kuti nzazikulu adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha Helen Joseph kapena cha Charlotte Maxeke. X-ray imaonetsa mafupa, mitsempha imafuna makina ena ojambulira m'thupi, a MRI kapena ultrasound.

Ndikudziwa kuti lendi sidikira, koma musathamangire kuganyu yokwera makwerero. Tsatirani masewera olimbitsa mwendo amene a physiotherapy angakupatseni, mpaka iwowo atakulolani kuthamanga.